MBIRI YA DOTOLO ROBERT LAWS, AMENE ANAMANGA KATATU

Abale athu owerenga, a ku Namitete ndi ku Nsaru, a kwa Kabudula, a ku Mpingu ndi ku Nambuma, ndi inu nonse a m'midzi ya m'dziko la Lilongwe: mwezi uno tifuna kukusimbirani mbiri ya munthu amene dzina lache limveka kufikira lero m'dziko lathu, ndiye Dotolo Robert Laws wa ku Livingstonia. Ambiri amdziwa monga womanga mudzi waukuru wa maphunziro pa phiri la Khondowe. Koma owerengeka okha akumbukira kuti mudzi umene uja unali wachitatu, ndi kuti asanafike pamenepo iye ndi anzache anayamba amanga pawiri pena, nalephera, naika anzao m'manda, nasamuka.

Nkhani iyi itikhudza ife tomwe. Tonse taona m'midzi mwathu nchito ya pamodzi itagwa: chitsime chimene mudzi wonse unakumba chitagumuka ndi mvula yoyamba, njerwa za sukulu zitasweka mu uvuni, ulalo wa pa mtsinje utakokoloka. Ndipo kawiri kawiri chotsatapo chache ndicho kulozana zala. Wina anenedwa waulesi, wina wakuba, wina mfiti. Anthu abalalika, ndipo nchitoyo siiyambikanso. Chifukwa chache tiyeni tipenyetsetse chimene anthu awa anachita ndi kulephera kwao.

Ubwana wache

Robert Laws anabadwa pa 28 Meyi 1851 m'mudzi wa Aberdeen, m'dziko la Scotland. Atate wache anali mmisiri wa matabwa, wopanga mipando ndi magome, munthu wosauka ndithu. Mnyamatayo anaphunzira umisiri womwewo, nagwira nchito ndi manja ache usana, nawerenga mabuku madzulo. Pakumva mbiri ya maulendo a David Livingstone, mtima wache unakhumba kudza kuno ku Afrika. Anapirira kusowa, nalowa sukulu yaikuru ya ku Aberdeen, naphunzira nzeru za mabuku, ndi udotolo, ndi ubusa. Asanatsirize maphunziro anatumikiranso m'zipatala za ku Glasgow, pakati pa odwala nthomba ndi nthenda zina zopatsirana. Potero anakula ali nao manja a mmisiri, amene adziwa kuti chitseko chokhota chifuna kuchiphwasula ndi kuchipalanso, ndi maso a dotolo, amene afuna gwero la nthenda asanapereke mankhwala.

Ulendo wa Ilala

Livingstone atamwalira kwa Chitambo m'chaka cha 1873, Akristu a ku Scotland anapangana kumanga mudzi wa mishoni pa nyanja yathu, ukhale chikumbutso chache. Nautcha Livingstonia usanamangidwe. Anatuma amuna asanu ndi atatu. Mtsogoleri wao anali Edward Young, msilikali wa pa nyanja; Laws, wa zaka 24, ndiye anali mbusa ndi dotolo; enawo anali amisiri a makina, a zitsulo ndi a matabwa, mlimi, mmalinyero, ndi Henry Henderson, amene pambuyo pache anasankha malo a Blantyre. Yense anadza ndi luso lache.

Ananyamuka ku London m'mwezi wa Meyi 1875, atatenga sitima yaing'ono yachitsulo, dzina lache Ilala. Ndipo ulendowu unayenda pa mapazi a kulephera kwa wina. Pakuti Livingstone mwini anayesa kale kufikitsa ku nyanja sitima yache yotchedwa Lady Nyassa, koma sanakhoza. Mathithi a mtsinje wa Shire anamtsekera njira. Njala ndi nkhondo za ogwira akapolo zinabalalitsa anthu a m'chigwa, nasowa onyamula. Ndipo m'chaka cha 1863 boma la kwao linamuitana abwerere, sitimayo isanakwere. Young analipo pa ulendo umene uja, naona zonse. M'chaka cha 1867 anabweranso ndi bwato laling'ono lachitsulo lophwasula ndi kulumikiza, nalinyamulitsa pamtunda, nafika nalo ku nyanja. Chotero Ilala inapangidwa ya zidutswa zoti anthu akhoza kusenza pamutu.

Anailumikiza pa mathiriro a Zambezi, nakwera nayo kufikira pansi pa mathithi, naiphwasulanso. Pamenepo mafumu a Amakololo anasonkhanitsa anthu mazana ambiri, ndipo iwowa anasenza zitsulo zija mamailosi ngati 60, m'njira ya miyala ndi dzuwa lotentha, osataya ngakhale kachidutswa kamodzi. Kumtunda kwa mathithi anailumikizanso, ndipo pa 12 Okutobala 1875 Ilala inalowa m'nyanja. Maina a osenzawo sanalembedwa m'mabuku. Koma pakadapanda iwo, sitimayo ikadachita dzimbiri m'bango la ku Shire.

Manda a pa Cape Maclear

Anakocheza pa Cape Maclear, m'dziko la mfumu Mponda, namanga pomwepo. Anasankha malowo chifukwa panali dooko labwino lobisalira mphepo, pamene sitima ikhoza kugona. Maso a amalinyero anaona zofuna sitima; zofuna anthu sanazipenyetsetsa.

Zabwino zinachitikapo ndithu. M'mwezi wa Malichi 1876 Laws anagoneka munthu tulo ndi mankhwala otchedwa chloroform, namchotsa chotupa cha pamwamba pa diso, munthuyo osamva kuwawa; ndipo mbiri yache inabuka m'midzi ya kutali. Sukulu inayamba. Chaka chomwecho anafika Dotolo James Stewart wa ku Lovedale m'dziko la South Africa, ndi Dotolo William Black, pamodzi ndi anyamata anai a mtundu wa Axhosa amene anadzipereka okha: William Koyi, Shadrach Mngunana, Mapassa Ntintili ndi Isaac Wauchope.

Koma zaka zitapitapo choonadi chinaoneka. Nthaka inali yosabala, kashembe anapha ng'ombe, midzi yapafupi inali yowerengeka, ndipo koposa zonse nthenda inawagwira mmodzi mmodzi. Black ndi Mngunana anamwalira m'chaka cha 1877. John Gunn, mlimi, ndi George Benzie, woyendetsa Ilala, anamwalira m'chaka cha 1880. Masiku amenewo panalibe dotolo wodziwa gwero la malungo. Anthu anayesa kuti afuma ku mpweya woipa wa m'madambo, ndipo m'chaka cha 1897 ndi pamene Ronald Ross, ali ku India, anapeza kachirombo ka malungo m'mimba mwa udzudzu. Laws anali nayo kwinini yochepetsa nthenda, koma mdani amene analira m'makutu mwache usiku uli wonse sanamzindikira. Zitatha zaka zisanu ndi mphindi, pa Cape Maclear panali manda asanu a anchito a mishoni, ndi munthu mmodzi yekha wobatizidwa.

Panalinso cholakwa china chimene sitiyenera kuchibisa. Anthu othawa ukapolo ndi milandu anadza kudzakhala pa mishoni, ndipo amishoni anayamba kuchita ngati mafumu, kuweruza milandu ndi kulanga ndi chikoti. Ku Blantyre zinthu zotere zinafika poipa kwambiri, ndipo m'chaka cha 1880 mbiri yache inamveka ku Britain, nichititsa manyazi akuru. Pamenepo akuru a mishoni ku Scotland analetsa anthu ao kuweruza milandu. Laws anabvomera kuti njirayo inali yolakwika, ndipo pa malo atsopano anasiya milandu ya anthu m'manja mwa mafumu ao.

Kuyesa asanasamuke

Young ndi Stewart atabwerera, utsogoleri unagwera Laws. Akadakhoza kuumirira pomwepo, popeza nyumba zinali zitamangidwa, ndalama zambiri zitatayika, ndipo kusamuka kunali ngati kuulula pamaso pa opereka ndalamazo kuti anasankha molakwa. Koma iye anaulula.

Ndipo taonani machitidwe ache. Sananyamula katundu tsiku lomwelo kumka kumene mtima unamuuza, monga anachita poyamba paja. M'chaka cha 1878 anayenda ulendo wautali wa pansi kumadzulo kwa nyanja, m'gombe ndi m'mapiri, pamodzi ndi William Koyi, ndi mmisiri wa miseu amene dzina lache linalinso James Stewart, ndi amtengatenga, nafunsa mafumu ndi eni dziko. Atatero anaika timisasa tiwiri toyesera: kamodzi ku Bandawe, m'mbali mwa nyanja pakati pa Atonga, kena ku Kaning'ina kumapiri. Okhala m'menemo anauzidwa kuti ayang'anire za nyengo, za matenda ndi za makhalidwe a anthu, nalembe m'buku. Msasa wa ku Kaning'ina unalephera, chifukwa unali pakati pa Angoni ndi Atonga amene analikumenyana; koma kulephera kwa kamsasa kunali kotsika mtengo, kosanga kulephera kwa mudzi wathunthu. Mlimi wanzeru amene walandira mbeu yachilendo ayamba waibzala pa mizere iwiri, asanaipatse munda wonse.

Anasamukira ku Bandawe m'chaka cha 1881. Ndipo nchito ya pa Cape Maclear anaisiya m'manja mwa Albert Namalambe, munthu mmodzi uja, amene anabatizidwa m'mwezi wa Malichi chaka chomwecho; iye anasunga sukulu ndi mapemphero mokhulupirika zaka zambiri.

Ku Bandawe chimodzi cha zosowa zija chinapezeka, ndicho anthu. Atonga anali ambiri, nalakalaka kuwerenga, ndipo masukulu anadzala. Koma malowo analinso a m'mbali mwa nyanja, ndipo malungo anawatsata. Manda anachuruka. Laws mwini anadwala kawiri kawiri. Mkazi wache Margaret Gray, amene anamkwatira ku Blantyre m'chaka cha 1879, anasenza naye zowawa zonse; ana ao anamwalira ali makanda, natsala mmodzi yekha, Amelia, wobadwa m'chaka cha 1886.

Kumapiri kunali Angoni a mfumu M'mbelwa, amene nkhondo zao zinaopsa midzi ya kunyanja. Kumeneko nzeru za Laws sizikadakhoza kanthu pa zokha, pakuti sanadziwa chinenero chao kapena miyambo ya pa bwalo lao. Amene anatsegula khomo ndiye William Koyi, pakuti chinenero cha kwao chinafanana ndi Chingoni. Anakhala pa Njuyu kuyambira chaka cha 1882. Zaka zinai Angoni anakana sukulu, iye napirira, osakangamiza. M'chaka cha 1886 analola, ndipo chaka chomwecho Koyi anamwalira. Chaka chotsatira, pamene nkhondo inali pafupi kugwera Bandawe, Laws anakwera kukakambirana ndi M'mbelwa pamodzi ndi Dotolo Walter Elmslie, ndipo nkhondoyo inalekeka. Koma njira imene anayendamo inali yolambula Koyi.

M'zaka zomwezo Laws anatembenuza Chipangano Chatsopano m'Chinyanja, nichisindikizidwa m'chaka cha 1886. Koma Chinyanja chache chinali cha kugombe kumene anayambira nchito, ndipo sichinakomera anthu a madera onse. M'chaka cha 1900 mamishoni anapangana kutembenuza pamodzi buku limodzi lomveka kwa onse. William Murray wa ku Mvera anatsogolera nchitoyo, ndi aphunzitsi a dziko lino omthandiza, ndipo Buku Lopatulika lathunthu linaturuka m'chaka cha 1922. Nchito ya Laws inakhala ngati msasa umene munthu agonamo pomanga nyumba. Nyumba itatha, msasa upasulidwa, koma unathandiza.

Njira yofika kwathu kuno

Kapena wina adzafunsa kuti za kumpotozi zitikhudza bwanji ife a kuno ku Lilongwe. Zitikhudza chotere. M'chaka cha 1888 anafika ku Bandawe mbusa Andrew Charles Murray wa mpingo wa Dutch Reformed wa ku South Africa. Anayamba wayesa dziko la kumpoto kwa nyanja, nadwala kwambiri, nabwerera. Laws, amene anali ataika anzache ambiri m'mphepete mwa madzi, anamlandira, namlangiza za dziko la mapiri la pakati. M'chaka cha 1889 Murray ndi mnzache T. C. B. Vlok anafika kwa mfumu Chiwere, namanga pa Mvera m'mwezi wa Novembala. Sanayamba ndi kugombe, popeza ena anali atalipira kale mtengo wa phunziro limenelo.

Kongwe inatsata m'chaka cha 1894. Pamene a Livingstonia anapereka malo ao a ku Livlezi kwa a ku Mvera, nakonso kunapezeka kwa malungo ndi imfa; ndipo Vlok sanaumirira, koma anakwera ku phiri la Nkhoma kwa mfumu Mazengera m'chaka cha 1896. Malingunde inamangidwa m'chaka cha 1907, ndipo kuchokera m'malo amenewa aphunzitsi anabalalika ndi mabuku ndi masileti m'midzi ya dziko lino.

Ndipo si iwo okha anayenda njira yotere. Ansembe a Katolika otchedwa White Fathers anafika kwa Mponda m'chaka cha 1889, nachokako m'chaka cha 1891 nchito yao isanabale. Anabweranso m'chaka cha 1902, namanga pa Chiwamba. Pamenepo napo sanakhalitsa, nasamukira ku Likuni m'chaka cha 1903. Ndipo Nambuma ndi malo ena anamangidwa m'mbuyo mwache. Tikafukula maziko a masukulu athu ambiri, tidzapeza pansi pache bwinja la malo amene anasiyidwa.

Pa phiri la Khondowe

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1890 Laws anamuka kwao kukapuma, atafooka ndi matenda. Koma mpumulo wache unali wa kufunsa. Anayenda ku America, ndi ku Calabar m'dziko la Nigeria, napenya nchito za ena, zimene zinawayendera ndi zimene zinawakanika. Atabwera m'chaka cha 1894 anakwera mapiri a kumpoto pamodzi ndi Yuraia Chatonda Chirwa, Mtonga, amene anakhala dzanja lache lamanja zaka zambiri. Tsopano anadziwa bwino chimene analikufuna: malo okwera, otalikira malungo, madzi osaphwa chilimwe, nthaka ya minda, mitengo ndi miyala yomangira, ndi njira yotsikira ku sitima. Chiri chonse cha izi anachiphunzira ndi bala. Anazipeza pa Khondowe, mapazi pafupi pafupi 3,000 pamwamba pa nyanja.

Pamenepo anayamba sukulu yaikuru yotchedwa Overtoun Institution, potengera dzina la mkuru wachuma wa ku Scotland amene anathandiza ndi ndalama. Anyamata ndi asungwana anadza kuchokera m'mitundu yambiri. Anaphunzira uphunzitsi, ubusa, umisiri wa matabwa ndi wa miyala, kusindikiza mabuku, kutumiza mau pa lamya, kulima, ndi kuthandiza m'chipatala. M'chaka cha 1904 madzi anafika pa mudziwo m'mipope kuchokera ku phiri la Nyamkhowa. M'chaka cha 1905 unatha mseu wa Gorodi, wokwera kuchokera ku nyanja, wokhotakhota ngati makumi awiri pa phompho. Ndipo chaka chomwecho madzi a mtsinje wa Manchewe anazunguza makina, nayatsa magetsi m'nyumba ndi kuyendetsa macheka. Chipatala cha David Gordon Memorial chinatsegulidwa m'chaka cha 1911. Izi zonse zitchulidwa pa dzina la Laws; koma anazichita ndi amisiri ochokera ku Scotland, ndi akapitao, ndi anthu zikwi a Chitumbuka, Chitonga ndi Chingoni, amene anaswa matanthwe ndi kusenza mipope pa mapewa ao. Akuru athu ananenadi kuti mutu umodzi susenza denga.

Zipatso zina zinagwa kumene wobzala sanayembekeza. Popeza dziko lino linali ndi nchito zochepa za anthu ophunzira, ambiri anamuka ku Rhodesia ndi ku South Africa. Clements Kadalie, wophunzira wa pa Khondowe, anayambitsa bungwe lalikuru la anchito ku Cape Town m'chaka cha 1919. Ndipo Levi Mumba anakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress m'chaka cha 1944.

Chimene anachedwa kuchiphunzira

Tikadachimwira choonadi tikadalekera pomwepa. Panali phunziro limodzi limene Laws ndi anzache anachedwa nalo, ndilo kukhulupirira anthu amene iwo okha anawaphunzitsa. Charles Domingo anafika pa mishoni ali kamwana, atatengedwa ndi Koyi ku Quelimane, nakulira m'nyumba ya Laws. Anapambana m'maphunziro, natsiriza za ubusa, naloledwa kulalikira. Koma chaka ndi chaka anamuuza adikire, osamdzoza. M'chaka cha 1908 anatopa, nachoka. Abusa oyamba a dziko lino a ku Livingstonia, Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa m'chaka cha 1914, zitapita zaka 39 chifikire Ilala. Ndipo Mwasi naye anaturuka m'chaka cha 1933, nayamba mpingo wache, pokana ulamuliro wa Azungu.

Munthu amene anafulumira kubvomera kuti nthaka njoipa ndi kuti malo ngolakwika, anachedwa kubvomera kuti ana ache akula. Kulakwa kwa malo kuoneka ndi manda, ndipo palibe angakukane. Koma kulakwa kwa mtima kubisala, ndipo aulula ndi iwo okha amene akuwawidwa nako, ngati tiwalola kulankhula. Pamenepa Livingstonia inataya ena a anthu ache opambana.

Panalinso khumbo limene silinakwanira m'masiku ache. Anafuna kuti sukulu ya pa Khondowe ikule kufikira ikhale yunivesite. Koma m'zaka za m'ma 1920 akuru a kwao ndi alangizi a maphunziro anakana, poyesa kuti masukulu a m'midzi ndiwo ofunika koposa, ndi kuti ndalama sizikwanira. Yunivesite ya Livingstonia inatsegulidwa m'chaka cha 2003, iye atagona m'manda zaka 69.

Matsiriziro ache

Mu ukalamba wache anaona chinthu chimodzi chimene anachigwirira nchito nthawi yaitali: m'chaka cha 1924 mipingo ya Livingstonia ndi Blantyre inalumikizana pa Khondowe, nikhala Church of Central Africa Presbyterian, ndipo a ku Nkhoma analowamo m'chaka cha 1926. Mkazi wache anali atatsogola kale. M'chaka cha 1927 anatsika phiri kotsiriza, atatumikira zaka 52. Anamwalira ku London pa 6 Ogasiti 1934, ali ndi zaka 83, naikidwa kwao ku Aberdeen.

Zotsalira ife

Tsono titengepo chiani, abale? Choyamba, kutchula cholakwa ndi dzina lache. Cape Maclear sanaitcha tsoka kapena matsenga. Anawerenga zosowa zache chimodzi chimodzi, ndipo zosowazo ndizo zinawalozera Khondowe. Chachiwiri, kuyesa pang'ono tisanataye zambiri, monga anachita ndi timisasa tija. Chachitatu, kusabisira anzathu pamene tinagwa, pakuti a ku Mvera anapulumuka dzenje limene a ku Bandawe anawaonetsa. Chachinai, ndicho chobvuta koposa, kumvera wamng'ono amene agwira nafe nchito, iye asanatope ndi kuchoka.

Ndipo tiri nacho chitsanzo pakhomo pathu pomwe. Pa Chitedze, pafupi ndi Mpingu, pali malo ofufuza za ulimi amene anatsegulidwa m'chaka cha 1948. Zaka zambiri alimi anapatsidwa mbeu za chimanga chobereka kwambiri, koma ambiri anakana kuzidzala pofuna chakudya cha pa nyumba, ndipo ena anawayesa ouma mitu. Koma amai a pa mtondo anadziwa chifukwa chache. Chimangacho chinali chofewa: pokonola chinaphwanyika, ufa wambiri nutayika m'gaga, ndipo m'nkhokwe anankafumbwe anachitha msanga. Pamene akatswiri anatchera khutu, anakwatitsa mbeuzo ndi chimanga cholimba, pothandizana ndi anzao a bungwe la CIMMYT la ku Mexico; ndipo m'chaka cha 1990 zinaturuka mbeu za MH17 ndi MH18, zobereka bwino ndi zokonoleka, zimene alimi anazilandira. Nzeru ya m'buku inasowa nzeru ya pa mtondo, monga Laws anasowa Koyi.

Chifukwa chache, chitsime chathu chikagumukanso, tisayambe ndi kufuna munthu womsenzetsa mlandu. Tikhale pansi pa bwalo, amuna ndi akazi, akuru ndi anyamata, tifunsane ngati tinakumba pa mchenga, ngati tinachedwa kumanga m'mbali, ngati panali wina anachenjeza ife osamumva. Pamenepo titumize mau kwa a mudzi wa patsidya, kuti iwo asagwe m'menemo. Ndipo mvula ikatha, titenge makasu athu, tikakumbe pena.

Mtendere ukhale nanu m'midzi yanu yonse.